Kodi sushi wa chambo ndi woyenera ndalama zake?

Mphunzitsi wa ku Bembeke: Abale, ndikupempha nzeru. Mwezi wamawa ine ndi mayi a kunyumba tikwanitsa zaka 10 tili pabanja, ndipo ndikufuna kuwatengera ku Lilongwe, kumalo ena odyera kumene akukonza sushi, chakudya cha ku Japan cha mpunga ndi nsomba yaiwisi, pogwiritsa ntchito chambo cha m'nyanja yathu yomweyi, chimene akuti amagula kwa asodzi amene sapha tiana ta nsomba. Ndamva kuti mbale imodzi ndi K28,000. Amene munalawapo, kodi ndi zoyenera ndalamazo, poganiziranso ya basi?

Wamalonda wa pa Dedza Boma: Aphunzitsi, musapiteko. Ine ndinalipira K45,000 pa mbale imodzi, osati K28,000 mukunenayo, ndipo chimene anandibweretsera ndi timibulu 8 ta mpunga wozizira, kalikonse kali ndi kanthuli ka nsomba kopyapyala ngati tsamba. Chimene chinandiwawa kwambiri si njala ayi. Nditafunsa woperekera zakudya kuti chambocho chachokera pa doko liti, anayamba wati ku Mangochi, kenaka anati ku Salima, ndipo pomaliza anati akafunse kukhitchini, osabweranso. Munthu akakulipiritsa ndalama zambiri chifukwa choti nsomba yake inagwidwa mosamala, ayenera kudziwa kumene inagwidwa.

Wobwera ku Joni: Achimwene, vuto ndi lakuti munapita ndi mimba ya nsima. Ine ndadya sushi kambirimbiri ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo ndimadziwa wabwino ndisanamulawe n'komwe. Dzina lakuti sushi limanena za mpunga wothira viniga, shuga ndi mchere, pamene nsomba yaiwisi payokha ku Japan amaitcha sashimi. Chakuda chokulungira chija ndi nori, ndere za m'nyanja yamchere, ndipo chimachokera kunja, n'chifukwa chake mtengo sungatsike. Kwa ine K28,000 ndi ndalama yochepa.

Wamalonda wa pa Dedza Boma: Ndanena kale kuti ndi K45,000.

Mayi wa ku Mtakataka: Ine ndinakulira kunyanja, ndipo nkhani ya chambo imandikhudza mtima. Tili ana, chambo chinali ndiwo ya tsiku lililonse, koma lero asodzi ena akukokolola kasawala ndi maukonde a udzudzu, nsombayo isanaswe n'kamodzi komwe. Ngati malowo akuguladi kwa asodzi osunga malamulo ndi kuwapatsa mtengo wabwino, ine sindingadandaule kuwonjezera ndalama. Koma aphunzitsi, mukafunse funso ili: nyanja ikatsekedwa mu Novembala kuti chambo chiswane, iwo nsomba amazitenga kuti? Akayankha kuti ndi zoweta m'makola a m'madzi kapena m'madamu, yankho limenelo ndi lomveka. Akangoti amakhala nazo chaka chonse, mudziwe kuti pali chobisika. Mufunsenso za mpunga, chifukwa kwathu kuno tili ndi sikimu ya Bwanje, imene inamangidwa ndi thandizo la boma la Japan, ndipo zingandisangalatse kumva kuti amagula kwa alimi athu.

Wobwera ku Joni: Mayi, mpunga wa sushi umafunika wa njere zazifupi, womata. Kilombero ndi wonunkhira bwino, koma sagwirana mokwanira.

Mlimi wa kachewere, Lizulu: Aphunzitsi, ndalama imeneyo mutsike nayo msewu wa Golomoti mpaka kunyanja, mukagule chambo chachikulu chongovuulidwa kumene, akuwotchereni pamakala, mudye ndi nsima muli pamchenga. Ndalama yotsala mugulire mayiwo chitenje. Komanso ine ndimamva kuti nsomba yaiwisi imapatsa likodzo.

Namwino wopuma pantchito, Linthipe: Bambo a ku Lizulu, likodzo sililowa ndi chakudya; tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowera pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Komabe nkhawa yanu ili ndi pogwira. Nsomba za m'madzi opanda mchere, monga chambo, kampango ndi mlamba, zimatha kukhala ndi nyongolotsi zimene zimafa pophika, ndipo ngakhale ku Japan nsomba zimene amakonda kudya zaziwisi ndi za m'nyanja yamchere. Amene akufuna kupereka nsomba yosaphika ayenera kuyamba waiumitsa m'firiji yozizira kufika madigiri -20 kwa masiku angapo, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuno, ine ndingafune kuona jenereta yawo ndisanadye. Ngati mayi a kunyumba ali oyembekezera, asakhudze yaiwisi. Sushi wa nsomba yowotcha kapena wa mapeyala ndi nkhaka aliponso.

Mphunzitsi wa ku Bembeke: Zikomo nonse. Mayi a ku Linthipe, ndiwaimbira foni kuti ndimve ngati ali ndi wa chambo chowotcha. Koma mtengo weniweni ndi uti tsopano?

Wobwera ku Joni: Mlamu wanga anadya komweko sabata yatha, ndipo akuti analipira K36,000.