Wandiululira chinyengo ndi mwana wapansi, wochita chinyengoyo ndiye amatibweretsera ndalama. Nditani?

Moni nonse pagulu pano. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ikukhudza anthu amene ndimaonana nawo m'mawa uliwonse. Makamaka inu amene munayang'anirapo anzanu pa ntchito, ndithandizeni nzeru.

Papita miyezi 7 chindikwezereni kukhala manijala wa zogulitsa pa kampani ina yopikulitsa katundu m'mashopu. Pansi panga pali anthu 9. Mmodzi mwa iwo, bambo amene wakhalitsa kuposa tonse, ndiye nsanamira yathu. Mwezi ndi mwezi amapyola talageti, ndipo mabwana akuluakulu amamudziwa ndi dzina.

Lachinayi lapitali anthu ataweruka, mtsikana wina wolemba ma invoyisi anatsalira. Ndimamuona akungosanjasanja mapepala osafunika kusanja. Kenako anaima pakhomo la ofesi yanga fayilo ili pachifuwa, n'kunena motsitsa mawu, "Bwana, ndingalankhule nanu, koma dzina langa lisamveke?" Potsegula fayiloyo manja ankanjenjemera. Munali ma invoyisi anayi olembedwa pa 30 ndi pa 31, koma ma delivery note ake, mapepala operekera katundu kwa kasitomala, akusonyeza kuti katundu anatuluka pa 5 mwezi wotsatira. Pa awiri mwa iwo katundu anabwerera patatha masabata awiri n'kulembedwa credit note, chikalata chofafaniza ngongole ya katundu wobwezedwa. Ndiko kuti kasitomala sanaode n'komwe, anangovomera kumusungira katunduyo masiku ochepa kuti mwezi utsekedwe bwino. Komishoni ndiye inatuluka kalekale. Mtsikanayo akuti bamboyo wakhala akumulembetsa madeti otere kuyambira chaka chatha, ndipo tsiku lina atayesa kukana anamufunsa kuti, "Iwe ndiwe ndani pano, wabwera dzulodzuloli?"

Chimene chikundisowetsa tulo si bamboyo ayi, ndi ineyo. Talageti ndinaikweza ndine nditangolowa, pofuna kuti mabwana aone kuti sanalakwitse pondisankha. Pa msonkhano wa Lolemba ndakhala ndikumuimitsa bamboyo n'kuuza enawo kuti "tengerani chitsanzo apa". Mtsikanayu amakhala pomwepo, kuombera m'manja ndi anzake, akudziwa zonse. Ndipo bonasi yanga imawerengedwa pa manambala omwewo.

Lachisanu ndinawauza bwana wanga osatchula amene wandiuza. Yankho lawo linali lakuti, "Achimwene, katundu anabwerera, kampani sinabedwe. Muitanireni pambali, mumuuze asiye, basi. Kotala ikutha iyi, musautse mapiri pachigwa."

Ndiye ndingomuchenjeza mwakachetechete monga akunenera bwana, kapena ndipite nazo kwa a odita (ofufuza mabuku a ndalama) ndi a HR (oona za antchito) ngakhale bwana sakufuna? Nanga mtsikanayu ndimuteteza bwanji, poti olemba ma invoyisi alipo awiri okha ndipo bamboyo sangavutike kulota amene wanena?

Mayi wina, akauntanti:
Achimwene, mawu akuti "kampani sinabedwe" musawameze. Komishoni yolipidwa pa malonda amene sanachitike ndi ndalama yotuluka mwachinyengo, ndipo malipoti amene munatumiza kumwamba ndi abodza, siginecha ili pamenepo ndi yanu. Dziwaninso kuti a odita akabwera, amatenga ma invoyisi a masiku omaliza a chaka n'kuwayerekeza ndi tsiku limene katundu anatulukadi, kenako amayang'ana ma credit note a mwezi wotsatira. Imeneyi ndi ntchito yawo ya nthawi zonse, sizidzabisika. Tsiku limenelo bwana wanu sadzakumbukira kuti munawauza pakamwa. Alembereni imelo, ikani manambala a ma invoyisi, funsani kuti tichite chiyani. Ku Enron, imene inali kampani yaikulu ya ku America, wantchito wina Sherron Watkins analembera mkulu wa kampaniyo Kenneth Lay kalata mu Ogasiti 2001 kumuchenjeza za mabuku a kampani, pofika Disembala kampani inagwa. Kampani yomweyo inali ndi kabuku ka malamulo a khalidwe labwino ka masamba 64. Kabuku kanalipo, womvera wochenjeza ndiye anasowa.

Bambo wina:
Ine ndinena zosakoma kumva. Muli ndi miyezi 7 yokha, iye ali ndi zaka. Mukalimbana naye bwana wanu atakuuzani kale kuti zisiyeni, wotuluka pachipata mukhoza kukhala inu, ndipo makasitomala ake akhoza kupita naye. Ana anu adya chilungamo? Mchenjezeni mwamphamvu, asabwerezenso, nkhani ithe.

Mayi akauntanti:
Bambo, nanga mtsikana uja akaona kuti wanena koma palibe chasintha, mawa akadzaona zokulirapo adzanenanso? Ndipo enawo 8 mukuganiza sakudziwa? Ikaola imodzi zaola zonse.

Mkulu wina amene anayang'anirapo ogulitsa zaka zambiri:
Mwana wanga, ndakondwa kuti mwaona nokha dzanja lanu pankhaniyi, ambiri safika pamenepo. Mu Sepitembala 2016 banki ya Wells Fargo ku America inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni chifukwa antchito ake ankatsegulira makasitomala maakaunti osawapempha, pafupifupi 2 miliyoni pa kuwerenga koyamba. Banki inali itachotsa antchito oposa 5,000 pa mlandu umenewu m'zaka zingapo, koma mchitidwewo sunathe, chifukwa chowakankha chinali chikhalirebe: talageti yoti kasitomala aliyense akhale ndi zinthu 8 za bankiyo. Mkulu wake John Stumpf anatula pansi udindo mwezi wotsatira. Anthu 5,000 sangabadwe akuba onse pamalo amodzi.

Sindikuti bamboyo alibe mlandu. Kuopseza mwana wapansi kuti alembe bodza n'kumene kwandiwawa kuposa madetiwo. Koma mukangomuchotsa iye n'kusiya kalipiridwe momwe kalili, pakatha chaka mudzapeza wina wakhala pampando womwewo. Ine ndinasintha zinthu ziwiri pomwe ndinali. Komishoni inayamba kutuluka kasitomala akalipira, osati invoyisi ikalembedwa, ndipo katundu akabwerera komishoni imadulidwa mwezi wotsatira. Manambala anatsika miyezi iwiri, mabwana anandiyang'ana ndi diso lofiira, koma zimene zinatsalazo zinali zenizeni. Khalaninso ndi aliyense payekha mumufunse kuti, "Talageti iyi ungaifike popanda kukhotetsa kanthu?" Mukafunsa pagulu onse ati inde.

Mayi wina wa HR:
Za mtsikanayo: musagwiritse ntchito fayilo yake. Pemphani kuti awunike ma credit note a ogulitsa onse 9 a miyezi 12 yapitayi, ngati ntchito ya manijala watsopano amene akufuna kudziwa chifukwa chake katundu amabwerera. Zimenezi ndi zoona ndithu, ndipo zidzatuluka zokha popanda dzina la munthu. Bamboyo apatsidwe mpata woyankha motsatira ndondomeko ya kampani, musamuweruze m'khonde. Koma musamulonjeze mtsikanayo kuti dzina lake silidzamveka konse, chifukwa ma invoyisiwo analemba ndi iye ndipo adzafunsidwa. Muuzeni zoona zimenezi lero. Alembe tsiku limene anakuuzani, inunso mulembe, kuti zidzadziwike kuti anabwera yekha asanagwidwe. Pambuyo pake muziyang'ana tizinthu ting'onoting'ono: kusalidwa, kumanidwa tchuthi, kuwunjikiridwa ntchito. Kubwezera kumayenda m'njira zimenezo.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ngakhale inu bambo amene mwati ndizisiye, chifukwa mantha amene mwatchulawo ndi omwe ndili nawo. Imelo ndailemba, ipita Lolemba m'mawa, ndipo ndapemphamo kuwunika kwa anthu onse 9. Ndaikamonso kuti bonasi yanga ya miyezi imeneyo iwerengedwenso, poti sindingapemphe wina kubweza komishoni yanga ndili nayo m'thumba. Mtsikana uja ndalankhula naye masana ano. Nditamuuza kuti adzafunsidwa anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bola mudzakhalepo, bwana." Ndamulonjeza.

Chatsala ndi ichi, mayi a HR ndi inu akuluakulu: bwana wanga akapanda kuyankha imeloyo, kapena akandiitana n'kuyankha pakamwa monga poyamba, ndidikire masiku angati ndisanapite kwa a odita ndekha? Ndipo ndiwauze kaye kuti ndikupita, kapena ndingopita?