Ndingasunge bwanji zizolowezi zanga pamene nthawi ya ntchito yasintha?

Wolimbikira:
Ndikupempha nzeru kwa inu nonse. Kwa zaka zambiri ndinkadzuka m'bandakucha, kuthamanga pang'ono, kenako kuwerenga ndisanapite kuntchito, ndipo sindinkachita kudzikakamiza. Tsopano andiika pa shifiti ya usiku ndipo zonsezi zamwazika, moti ndikafika kunyumba dzuwa litatuluka, nsapato zothamangira ndimangozilumpha pakhomo n'kukadziponya pabedi. Kodi kudziletsa kwandithera?

Nachisale:
Achimwene, kudziletsa sikunakuthereni ayi. Chizolowezi chimatsamira pa nthawi, malo ndi zimene munthu amachita asanachiyambe, ndipo zimenezi zikachoka nachonso chimagwa, monga mpanda umene azula nsanamira zake. Katswiri wa zamaganizo Wendy Wood ndi anzake anaona zimenezi mu 2005 pa ophunzira amene anasamukira ku yunivesite ina: chizolowezi chawo cholimbitsa thupi, kuwerenga nyuzipepala kapena kuonera TV chinkapitirira makamaka ngati kumalo atsopanoko zinthu zinali zofanana ndi kumene anachokera. Choncho funani chinthu chimene sichinasinthe pa tsiku lanu, monga kutsuka mano mukadzuka, ngakhale kudzukako kukhale kwa masana. Ikani nsapatozo pafupi ndi mswachi, ndipo mudziuze momveka bwino kuti, "Ndikangotsuka mano, ndivala nsapato." Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anasonyeza kuti kukonzeratu motere, kotchula nthawi ndi malo, kumathandiza kuposa kungolakalaka.

Mlonda Wakale:
Ndikugwirizana ndi mayi Nachisale, koma ndikuchenjezeni kuti musalimbane ndi tulo. Munthu amene wachezera usiku wonse akafika kunyumba ayenera kutseka makatani, kuzimitsa foni n'kugona mokwanira, chifukwa thupi lotopa silimvera malamulo. Kuthamangako kudikire madzulo, ndipo buku muzilitenga m'chikwama kuti muziwerengako masamba awiri pa nthawi yopuma.

Tiyanjane:
Ndiwonjezerepo za nthawi, poti ambiri amagwa ulesi atamva kuti chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21. Kafukufuku amene Phillippa Lally anachita ku University College London, amene anayamba ndi anthu 96, anapeza kuti pakatikati pamatenga masiku 66, ndipo kusiyana kwake kunali kwakukulu kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254. Chimene chimandilimbitsa mtima ine n'chakuti kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kwenikweni kukhazikika kwa chizolowezicho. Mukaphonya Lachiwiri, achimwene, musadikire Lolemba kuti muyambirenso. Valani nsapatozo Lachitatu.