Kodi ndine Mmalawi kaye kapena Mkhristu kaye?

Mphwanu_wa_ku_Ntcheu:
Abale ndithandizeni maganizo. Afilipi 3:20 akuti kwathu kwenikweni ndi kumwamba, koma Aroma 13 akuti tizigonjera olamulira poti anaikidwa ndi Mulungu, ndiye ine mutu umandiima makamaka nthawi ya kampeni pomwe abusa ena amapereka guwa kwa andale kuti alankhule atangosiya envelopu pa Paper Sunday. Ziwirizi zikawombana ndimvere chiti? Ndikufunsa ndi mtima wonse chifukwa dziko langa ndimalikonda.

Gogo_NaPhiri:
Mwanangu funso lakoli anthu analiyankha kale ndi magazi m'dziko momwe muno. Nthawi ya Kamuzu popanda khadi ya chipani sumalowa mumsika, basi kukwera ayi, ayufi amaima pakhomo kumafunsa khadi. A Mboni za Yehova anakana kugula khadiyo, msonkho amakhoma ndithu, malamulo ena amatsata, koma apo anati ayi ife ndife a Ufumu wa Mulungu. Boma linawaletsa mu 1967, nyumba zawo kuwotchedwa, kumenyedwa, kuchotsedwa ntchito, azimayi kuchitidwa zosayenera kunena pano, mu 1972 anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ena kenako ku Milange ku Mozambique, chiletsocho chinadzachoka mu 1993. Ine ndine wa CCAP ndipo ziphunzitso zawo zambiri sindigwirizana nazo, koma chimandipweteka mpaka lero nchakuti mipingo ikuluikulu inangoti ziii anzathu akuvutika choncho. Khadi ija sinali pepala chabe, chipani chimafuna kuti uvomereze kuti palibe wina woposa icho pa moyo wako, ndipo malo amenewo ndi a Mulungu yekha.

Achimwene_a_ku_Balaka:
Zoona agogo, komanso tisaiwale kuti kuika Mulungu patsogolo sikuthawa nkhani za dziko. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi monse, inakamba za malipiro ochepa a anthu osauka, zipatala, masukulu, anthu otsekeredwa popanda mlandu. Boma linati ndi kuukira, Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, makina osindikizira a Montfort kuno ku Balaka anayatsidwa moto. Koma pa 14 Juni 1993 tinakavota referendamu. Maepiskopi aja akanati Aroma 13 basi tikhale chete bwenzi zili bwanji? Analankhula chifukwa amaopa Mulungu kuposa Ngwazi, ndipo dziko ndi lomwe linapindula.

Mlongo_Wachikondi:
Ndikumva koma tisamale, mau oti ndikumvera Mulungu koposa anthu pa Machitidwe 5:29 aja Petro anawanena atawaletsa kulalikira za Yesu, osati atamuuza kuti akhome msonkho. Pano wina amazemba msonkho pa bodala, wina safuna kukalembetsa kuti avote, nkumati ine ndi mzika ya kumwamba, ayi zimenezo si chikhulupiriro. Paulo yemwe analemba Afilipi uja ndi yemwenso anauza kenturiyo kuti sungandikwapule ndine Mroma, werengani Machitidwe 22. Yeremiya naye anauza Ayuda ali ku ukapolo ku Babulo kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera. Nanga ife amene tili kwathu kuli bwanji.

Mphwanu_wa_ku_Ntcheu:
Ndiye za guwa zija mukuti bwanji agogo?

Gogo_NaPhiri:
Wandale akabwera kutchalitchi abwere, ndi nkhosa ngati ife, akhale pa benchi amve ulaliki, chopereka aponye m'mbale monga aliyense opanda kulengeza. Koma guwa ayi. Mbusa amene walandira envelopu ya phungu mawa sangathe kumudzudzula mankhwala akasowa pachipatala cha m'dera lake, pakamwa pamakhala patatsekedwa kale, ndipo mumpingo momwemo muli a zipani zosiyana amene amayamba kuyang'anana ndi diso loipa pa mgonero. Iwe kawauze akulu a mpingo zimenezi mwaulemu pa msonkhano wawo, osati pa WhatsApp, ndipo utenge anzako awiri atatu usapite wekha.