Akuti ndine lova wa pa foni, nditani abale?

Mlimi wa ku Santhe:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndimalima soya ndi mtedza, komanso ndimalemba pa Facebook mitengo ya mbewu ndi mmene mavenda ena amaberera anthu pa sikelo. Malume anga atapita kukandifunsirira mbeta, akuchikazi angomva zoti ndimalemba pa intaneti basi nkhope zasintha, akuti ameneyo ndi lova wa pa foni, mwana wathu azidzadya bandulo? Matumba 40 a soya amene ndinakolola sanafunse n'komwe. Zandiwawa zedi.

Mayi wa ku Mtunthama:
Pepa mwanawe. Akuluakulu ambiri akamva Facebook amangoganiza za miseche ndi kutukwanizana chifukwa ndi zokhazo zimawafika m'makutu. Uwauze amalume awatenge akaone kumunda ndi matumba ali m'nyumbawo, mtima ukhala pansi.

Wakabaza pa Chinkhoma:
Achimwene ife zimatichitikira tsiku lililonse, ukangoti wakabaza anthu aona kale chidakwa pomwe njinga yomweyi ikulipirira ana awiri fizi ku sekondale. Musasiye kulemba chonde, positi yanu ya masikelo ija inandithandiza, ndinakana kugulitsa mtedza wanga mpaka venda anasintha sikelo.