Kodi kuchuluka kwa olephera kubweza ngongole kumaonetsadi mmene chuma chilili?

Moni nonse pagulu pano. Ndikulemba ntchito ya kusukulu yokhudza anthu amene amakalembetsa kukhoti kuti ngongole zawakulira, sangathenso kubweza. Pali pamene pandivuta.

Ndinkaganiza kuti chuma chikamavuta, chiwerengero chawo chimakwera. Ku United States zinaterodi mu 2010, chinapitirira 1.5 miliyoni. Koma mu 2020, anthu ambiri atachotsedwa ntchito chifukwa cha Covid-19, chinatsika! Mu 2005 chinadutsa 2 miliyoni poti anthu ankathamangira kulembetsa lamulo latsopano lokhwimitsa kalembetsedwe kameneka lisanayambe kugwira ntchito.

Malipoti a makhoti ndawerenga, aphunzitsi ndawafunsa, dzulo ndinachezera pa kompyuta ndikuyang'ana manambalawa, koma sizikundilowabe m'mutu.

Chonde akuluakulu odziwa zachuma, chiwerengerochi n'chodalirika pachokha? Kapena ndichiyerekeze ndi chiyani, kusowa kwa ntchito kapena chiwongoladzanja?