Mwana wa achemwali satha kuona zomwe anzake akufuna kuchita, tithandizeni

Abale muli bwanji nonse, ndikulemba ndili ku Ulongué kuno ku Angónia. Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 7 ndipo adokotala ku Tete anatiuza kuti ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), nde chomwe chikutisowetsa mtendere nchoti satha kudziwiratu zomwe munthu akufuna kuchita, ukatambasula dzanja kuti akupatse kapu amangoliyang'ana basi mpaka unene ndi pakamwa, pa mpira mnzake akathamangira kugolo iye sazindikira kuti akufuna ampatsire nde anzake ayamba kumusala. Koma chodabwitsa agogo ake akangogwira khasu iye watsogola kale kudimba la mbatatesi, ngakhale chapa (minibasi) yam'mawa amaidikira isanamveke nkomwe. Za tsiku ndi tsiku amazidziwa kuposa ife.

Ndinawerenga pa intaneti za kafukufuku wa ku London wa 1985, wa zidole ziwiri Sally ndi Anne, Sally amasunga mabo mudengu nkutuluka, Anne nkusamutsira mubokosi, akafunsidwa komwe Sally akafunefune ana ambiri a autism ankaloza bokosi poti ndi komwe iwo awona. Tinayesa ndi switi nayenso analoza komwe kuli switiyo. Komatu ineyo ndimaona kuti nafenso sitimumvetsa zomwe iye akufuna, vuto si lake yekha ayi, ndipo zoti analodzedwa chonde tisayambe.

Amene muli ndi ana otere mumatani kodi? Mumawauziratu chilichonse musanachite kapena pali masewera omwe anakuthandizani? Nanga aphunzitsi kusukulu tikawafotokozere bwanji?