Zotsatira za funso langa lija la Calculus

Abale anga, miyezi yapitayi ndinafunsa ngati Calculus ndi yovutadi kuposa Linear Algebra (onsewa ndi makosi a masamu), chifukwa ndinali nditalakwa mayeso oyamba ndipo mtima unali m'malere. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka achemwali aja munati ndisiye kuwerenga masamu ngati nyuzipepala.

Ndinatsatira zimenezo. Madzulo aliwonse ndinkatseka manotsi, n'kutenga mapepala a mayeso akale, n'kumasova pamanja wotchi ili pambali. Loweruka tinkakumana anthu anayi ku Luwinga, kuzizira kwa Mzuzu kuja zala zikukana kugwira cholembera. Kumeneko ndi kumene ndinazindikira kuti vuto langa silinali Calculus ayi, koma algebra ya ku sekondale. Pa integration by parts (njira ina yosovera mafunso a Calculus), gawo la funso limene timalitcha u ndinkalisankha bwinobwino, koma minus ndinkamutaya panjira. Mnzanga wina anandiuza kuti ndikapeza yankho ndizilichita differentiate, kutanthauza kuchita zotsutsana ndi integration. Likabwerera pa funso lija, ndiye kuti ndakhoza. Mphindi ziwiri basi.

Zotsatira zatuluka, ndakhoza onse awiri, Calculus bwino ndithu.

Pa zoyerekeza zija, kwa ine yopusitsa inali Linear Algebra. Masabata oyamba ndi ma matrix ndi determinant, umaona ngati phala. Ikafika pa vector space ndi eigenvalue, mafunso amafuna ufotokoze chifukwa chake, osati kungowerengera. Amene mukuiyamba, lowezani matanthauzo mawu ndi mawu kuyambira sabata yoyamba.

Malangizo oti ndizigona 2 koloko usiku sindinawatsate, pepani achimwene, ine tulo sindinyengerera.